TIKAMBIRANE PA KHONDE: Yezani chitsime chanu mapaipi asanabwere

Abale anga a m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, ndakupezaninso. Moni nonse kuyambira ku Insaca mpaka ku Entre Lagos, osaiwala anzathu a tsidya la ku Nayuchi ndi kwa Ngokwe, amene nyuzi ino imawafika itadutsa kale m'manja anayi kapena asanu, mwinanso itakulungidwapo matemba.

Sabata yatha ndinali kumudzi ku maliro a malume anga. Mukudziwa m'mene umakhalira usiku wa pa siwa: amayi ali m'nyumba ndi nyimbo, abambo tili panja tazungulira chikuni, nkhani zikungodumpha kuchoka pa mtengo wa feteleza kufika pa mpira. Pakati pa usiku nkhani inafika pa madzi. Mnyamata wina amene amagwira ntchito ku Cuamba anati tsiku likubwera pamene nafenso tidzaleka kupopa mjigo, madzi azidzabwera m'mapaipi kuchokera ku zitsime za injini monga zilili m'matauni. Wina anafunsa kuti, nanga injinizo zikamadzakoka usana ndi usiku, zitsime zathu zidzatsala ndi chiyani? Apo m'pamene mkulu wina wa imvi zake anatsokomola n'kunena kuti, "Ana inu musatisokose. Madzi a pansi ndi a Chiuta mwini wake. Anayamba atha liti?"

Ine ndinakhala chete, pakuti mphwa sakangana ndi akuluakulu pa maliro a malume ake. Koma mawuwo ndabwera nawo, ndipo ndiwayankha pano mwaulemu, poti ndikudziwa kuti agogowo amatchera khutu mdzukulu wawo akamawawerengera tsamba lino.

Agogo, madzi a pansi amatha. Ndinaona ndi maso angawa kwa azakhali anga. Iwo atabwerako kothawa nkhondo mu 1994 anakumbitsa chitsime kuseri kwa nyumba, ndipo chinawamwetsa zaka zambiri, ngakhale m'zaka za ng'amba. Kenaka munthu wina wa ndalama zake, dzina tisiye, anaboola chitsime chakuya chapafupi n'kuikapo injini ya bizinesi yake. Chilimwe choyamba sipanaoneke kanthu. Chilimwe chachiwiri, pofika Seputembala, ndowa ya azakhali inkatuluka ndi matope. Anapita kukadandaula kwa akuluakulu, ndipo funso limene anawafunsa linali limodzi lokha: "Kodi mayi, kale madziwo ankalekeza pati?" Azakhali anatambasula mikono n'kunena kuti chingwe chinkatsala chotere. Mwini injini anati ndi chilala chabe, mvula sinagwe bwino. Ndani akanatsutsa? Mikono yotambasula si umboni. Mlandu unafera pomwepo, ndipo mayi wokalamba uja anayamba kugula madzi pa chigubu kwa munthu yemweyo.

Ndisananene zambiri ndikonze kaye zinthu ziwiri, kuopa kuti mawa pa msika pangamveke zina. Choyamba, sindikulengeza kuti magalimoto a mapaipi ali m'njira. Ndikungoti matauni athu akukula, ndipo tauni ikakula imayang'ana madzi kumene ali. Mzinda wa Pemba umamwa madzi a m'zitsime za injini za ku Metuge, amene amayenda m'paipi makilomita makumi angapo. Mzinda wa Tete, ngakhale uli m'mphepete mwa Zambezi, umadalira zitsime za m'chigwa cha Nhartanda ndi za m'mbali mwa Revúbuè. Chigwa ngati chathuchi, cha mchenga ndi madambo, ndi kumene anthu a madzi amayamba kuyang'ana. Chachiwiri, ine sindidana ndi mapaipi. Amene anaona kolera wa 2022 ndi 2023 m'mene anasesera mbali zonse ziwiri za malire sangadane ndi madzi a pa mpopi. Ndiwafuna, ndipo amayi amene amadzuka tambala woyamba kukaima pa mzere wa mjigo amawafuna koposa ine. Chimene ndikukana n'chakuti madzi apite ku tauni, matope atsale kwa ife, kenaka atiuze kuti ndi chilala.

Tiyeni timvetsetsane za m'mene madziwa amakhalira. Pitani pa mtsinje wouma mwezi wa Okutobala. Amayi amafukula mchenga, timadzi n'kusonkhana m'kadzenje. Wina akafukula dzenje lalikulu ndi lakuya pambali pake n'kumatunga osalekeza, kadzenje kaja kamaphwa ngakhale palibe wakakhudza. Pansi pa nthaka n'chimodzimodzi. Kunsiku kulibe nyanja ina yobisika ayi. Ndi mvula yomwe ija imene inalowa pansi n'kukhala m'mipata ya mchenga ndi m'ming'alu ya miyala. Injini ikamakoka pa malo amodzi, madzi a malo ozungulira amatsetserekera komweko, ndipo amatsika ngati mkati mwa beseni, pakati pozama, m'mbali mosazama. Injini ikapitiriza miyezi ndi zaka, beseni lija limanka litambasuka. Choyamba kuphwa ndi chitsime chokumba ndi khasu. Chimatsatira ndi dimba, pakuti dambo limakhala lonyowa m'chilimwe kaamba koti madzi a pansi ali pafupi. Angotsika mita imodzi kapena awiri, chimanga chachiwisi, mpiru ndi tomato zatha. Mjigo umabwera pambuyo. Choopsa chake n'chakuti zonsezi zimachitika pang'onopang'ono, ndipo zimayamba kuonekera m'chaka chouma, pamene aliyense ali ndi chifukwa china chonamizira.

Kwa ife a pakati pa nyanja ziwiri palinso nkhani ya mchere. Chilwa ilibe potulukira, n'chifukwa chake madzi ake ndi amchere, ndipo m'chigwa chake muli mijigo ina imene madzi ake saphikira tiyi. Chiuta yathu ili ndi mwayi, ikadzaza imatsanulira mu Amaramba, Amaramba n'kupereka ku Lugenda, Lugenda n'kukathira mu Rovuma. Komatu chimene chalekanitsa nyanja ziwirizi ndi mtunda wa mchenga chabe, womwe uja podutsa njanji; dzina loti Entre Lagos m'Chipwitikizi likungotanthauza kuti pakati pa nyanja. Kukoka madzi mopyola muyeso pafupi ndi madzi amchere kumatha kuwaitanira ku chitsime chabwino, ndipo mchere ukalowa sutuluka msanga.

Mwina wina ati, bwanji mijigo tili nayo yambirimbiri koma madzi sanathe? Tiwerengere limodzi. Mjigo umodzi ukamamwetsa anthu 300, aliyense chigubu chimodzi cha malita 20 pa tsiku, ndiye kuti watulutsa malita 6,000. Mjigo umatopa ndi mikono ya amayi, usiku umagona, madzi n'kubwerera m'malo mwake. Injini ilibe mikono yotopa. Malamulo a dziko lathu amene anatuluka mu 2015 anaika malire a ntchito yaikulu yokoka madzi a pansi pa malita 12 miliyoni pa tsiku. Amenewo ndi zigubu 600,000, kapena tinene kuti mijigo 2,000 itaunjikidwa pa malo amodzi. Ngakhale mutadula chiwerengero chimenechi kakhumi, ikadali mijigo 200 pa dambo limodzi.

Tsono tafika pa malamulo. Mu 1997 Mozambique inakhazikitsa lamulo la zachilengedwe, nambala 20/97, limene linati ntchito iliyonse yotha kusokoneza chilengedwe iyambe yaunikidwa isanapatsidwe chilolezo. Ndondomeko yake inalembedwanso kangapo, ndipo ya mu Disembala 2015, Decreto 54/2015, inagawa ntchito m'magulu anayi: A+, A, B ndi C. Paipi ya madzi yotambalala kupitirira theka la mita ndiponso yotalika kupitirira makilomita 10 inaikidwa m'gulu A, pamodzi ndi kukoka madzi a pansi opitirira muyeso ndatchula uja. Ntchito ya m'gulu limeneli imafuna kauniuni wathunthu, ndipo anthu okhudzidwa amayenera kuitanidwa ku misonkhano kawiri konse, poyamba pamene akatswiri akukonza zoti akafufuze, kenaka pamene alemba zimene apeza. Msonkhano umenewu mudzaumva akuutchula kuti consulta pública, ndipo uyenera kulengezedwa masiku 15 usanachitike. Gulu B limafuna kauniuni wachidule, koma nalonso anthu ayenera kufunsidwa. Gulu C ndi la ntchito zazing'ono zimene amati sizivulaza kwenikweni. Ntchito zambiri za matauni a msinkhu wa kwathu kuno sizingafike pa gulu A, choncho funso loyamba kufunsa mlendo wobwera ndi mapu ndi lakuti, "Bambo, ntchito yanuyi aiika m'gulu liti, ndipo anaiika ndani?"

Malamulowa ndi abwino ndithu, sindiwanyoza. Koma pali pamene ine ndimaona kuti munthu wa kumudzi amapunthwa. Kauniuni wotere amakonda kutsata chimene chikuoneka. Akatswiri amayenda m'njira ya paipi ndi chingwe choyezera, amawerenga mitengo ya mango, nthochi, nkhokwe, manda, amalemba maina a eni minda. Tinaziona zoterezi pamene njanji ya ku Nacala inkakonzedwanso kuti padutse sitima za malasha a ku Moatize. Ndipo ife tomwe maso athu amathamangira komweko, pakuti mtengo wa mango uli ndi mtengo wake wa ndalama, ndipo ndalamayo imabwera chaka chomwecho. Msonkhano wonse umatha tikukangana za mango. Chikhalirecho ngalande ya paipi imakwiriridwa pa sabata zochepa, udzu n'kumera. Chimene chidzatsala zaka makumi atatu ndi injini ija kumapeto kwa paipi, ndipo amene idzawapweteke mwina sali m'njira ya paipi n'komwe. Ali kutsidya kwa dambo, sanalembedwe m'kaundula, sanaitanidwe ku msonkhano, sanalandire ngakhale botolo la fanta.

Za malo nazo tisazipeputse. Lamulo la malo la 1997, nambala 19/97, linanena poyera kuti malo onse m'dziko muno ndi a boma, sagulitsidwa. Koma lomwelo linatetezanso ife: banja kapena mudzi wokhala pa malo motsata mwambo wa makolo uli ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo ngakhale ulibe pepala, munthu amene walima pa malo mwachilungamo zaka 10 alinso nawo, amayi chimodzimodzi abambo, ndipo umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi ndi wovomerezeka. Boma likafuna malowo pa ntchito yothandiza anthu onse, liyenera kuyamba lapereka chipukuta misozi choyenera. Mpaka apa zili bwino. Koma ndime 8 ya lamulo lomwelo inatchula malo ena otetezedwa amene munthu sangakhale nawo ufulu umenewu, koma chilolezo chapadera basi. M'gulu limenelo muli mamita 50 mbali iyi ndi mamita 50 mbali inayo ya njanji, mamita 50 uku ndi uku a mawaya a magetsi ndi mapaipi a mafuta, gasi ndi madzi, ndiponso, tcherani khutu inu a m'malire, makilomita 2 kutsata malire a dziko.

Werengani nokha. Mamita 50 uku ndi 50 uku ndi mamita 100. Pa kilomita imodzi ya paipi ndiye kuti mahekitala 10, pa makilomita 20 mahekitala 200. Paipi yeniyeniyo mwina mwana angathe kuilumpha, koma mthunzi wake wa pa lamulo ndi waukulu chotero. Choncho musangofunsa za mbewu zimene zidzazulidwe pokumba. Funsani kuti pa ntchito imeneyi mzere wotetezedwa udzakhala wa mamita angati, ngati mudzaloledwa kulimamo chimanga ndi nandolo paipi itakwiriridwa, ngati mungabzalemo mitengo, ngati mwana wanu angamangemo nyumba. Yankho lake lilembedwe. Ndipo wina akadzakuuzani kuti poti mumakhala m'makilomita 2 a m'malire ndiye kuti mulibe chonena, muuzeni kuti lamulo la zachilengedwe silinafunse pepala la malo pa khomo la msonkhano. Likuti anthu okhudzidwa amvedwe, ndipo amene chitsime chake chingaphwe ndi wokhudzidwa.

Chinanso chimene chimasokoneza n'chakuti nkhani imodziyi ili m'maofesi osiyana. Chilolezo cha zachilengedwe chimachokera kwa a zachilengedwe ku Lichinga kapena ku Maputo. Nkhani ya malo ili ndi eni ake. Chilolezo chokoka madzi chimachokera ku ARA, bungwe loyang'anira madzi m'zigawo, ndipo ife a m'chigwa cha Lugenda tili pansi pa ARA-Norte. Ukafunsa za madzi pa msonkhano wa malo amakuuza kuti si pano. Ukafunsa za malo kwa a madzi amakuuza chimodzimodzi. Pomwe lamulo la madzi la 1991, nambala 16/91, linaika patsogolo madzi akumwa, ophikira, omwetsa ziweto ndi othirira dimba laling'ono popanda makina. Amenewa ndi aulere, safuna chilolezo, ndipo amayamba ndiwo ena onse asanapatsidwe. Ufulu umenewu ulipo pa pepala, koma pa bwalo umafuna kuti mwini wake asonyeze chimene anali nacho ndi chimene wataya. Azakhali anga anagwera pamenepa.

Musaganize kuti vutoli ndi la ife osauka tokha. Ndikutengereni kutali pang'ono, ku America, m'chigawo chouma cha Nevada, kumene kuli mzinda wa njuga wotchedwa Las Vegas. Mu 1989 akuluakulu a madzi a mzindawo anapempha chilolezo chokoka madzi a pansi m'zigwa za kumpoto, kumene kumakhala alimi a ng'ombe ndi mitundu ya eni nthaka monga a Goshute ndi a Shoshone. Cholinga chinali kuyala paipi yopitirira makilomita 400 kudutsa m'malo a boma, pa mtengo umene unawerengedwa kufika madola 15 biliyoni. Ofesi yoyang'anira malo a boma, Bureau of Land Management, inachita kauniuni wa zaka zingapo, ndipo mu Disembala 2012 inavomereza njira ya paipi. Tamverani tsono: chimene inavomereza ndi njira ya paipi yaikulu, pamene za zitsime zenizenizo inati zidzaunikidwa bwino m'tsogolo, ndipo chilolezo cha madzi chinali m'manja mwa ofesi ina. Mwaona kufanana kwake?

Anthu a m'zigwazo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a mumzinda, koma sanakangane za mipanda ya ng'ombe. Anakakamira pa akasupe ndi madambo, nafunsa kuti madzi adzatsika motani pakapita zaka makumi ambiri, ndipo akadzatsika ndani adzazimitse injini. Chimodzi mwa zigwazo, Snake Valley, chili pa malire a Nevada ndi Utah, ndipo mu 2013 bwanamkubwa wa Utah, Gary Herbert, anakana kusaina pangano logawana madzi ake. Mu 2017 khoti linalamula ofesi ya malo ija kuti ikonzenso mbali ya kauniuni wake yokhudza madambo ndi malo a nyama amene akanaonongeka. Mu Malichi 2020 woweruza wina, Robert Estes, anakana zilolezo za madzi, ndipo mu Meyi chaka chomwecho eni ntchito anaiika pambali. Zaka 31 chiyambire. Sindikuti ife tili ndi maloya ngati iwo, kutalitali. Chimene ndatolapo ine n'chakuti mlandu wawo unaima pa miyeso ya madzi, osati pa kulira.

Pafupi pompa, ku Malawi, kunalinso phokoso pa paipi yotenga madzi ku nyanja ku Salima kupita ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100. Amenewo ndi madzi a m'nyanja, si a pansi, koma funso linali lomweli: mu 2017 bungwe la maloya la Malawi Law Society linapita ku khoti kukadandaula kuti ntchito yaperekedwa kauniuni wa zachilengedwe asanachitike. Kauniuni wobwera zonse zitapanganidwa kale ali ngati kufunsira mbeta ukwati utatha.

Ndiye tsiku limenelo likadzafika kwathu kuno, a régulo kapena a shefi a posto akadzalengeza za msonkhano, pitani. Musatumize amuna okha, pakuti amene amadziwa mwezi umene chitsime chimayamba kuvuta ndi amayi. Pemphani kuti zonse zimasuliridwe m'Chinyanja, m'Chilomwe kapena m'Chiyao, ndipo musachite manyazi kunena kuti bwerezani sitinamve. Safunsa anadya phula. Amene munatsata nkhani ya ProSavana, ndondomeko ya zaulimi ija imene boma lathu la Mecanhelas linali m'kati mwake, mukukumbukira madandaulo a mabungwe a alimi pa misonkhano ya 2015, kuti chikalata chinali chachikulu, cha m'Chipwitikizi chovuta, ndipo nthawi yochiwerenga inali yochepa. Ndondomekoyo inatsekedwa mu 2020, koma chizolowezi cha misonkhano yothamanga sichifa msanga.

Pa msonkhanopo, za mango zikatha, wina aimirire afunse za injini. Zitsime zidzakhala zingati, pati, zakuya bwanji, ndipo zizidzakoka malita angati pa tsiku m'mwezi wa Novembala, osati wa Malichi. Akatswiri asanatsegule chitsime amachiyesa pochipopa masiku angapo osalekeza kwinaku akuyeza m'mene madzi akutsikira. Funsani ngati pa kuyesako anayezanso zitsime zanu za m'mudzi, ndipo anayesa mwezi wanji. Kuyesa kwa m'dzinja, pansi ponse pali chinyontho, n'kosathandiza. Funsani ngati awerengera zaka zoipa, ngati 1992, ngati 1995 pamene Chilwa inauma anthu n'kumayenda pansi pakati pa nyanja, ngati 2018 pamene inatsala pang'ono kutero, ngati ng'amba ya 2024. Koposa zonse funsani ichi: madzi akadzatsika kufika pati m'pamene mudzachepetse kukoka, ndani adzayeza, ndipo chitsime changa chikaphwa ndikagogode pa khomo la ndani? Funsaninso ngati midzi imene paipi ikudutsamo idzapatsidwa mipopi, pakuti palibe chowawa ngati kumva madzi akulira pansi pa munda wako iwe uli ndi ludzu. Onetsetsani kuti mafunso anu alowa m'kalata ya msonkhano, imene amati acta, ndipo iwerengedwe mokweza musanaikepo chala. Pepala la maina a obwera ku msonkhano lisasanduke pepala lovomereza.

Abale a tsidya, nkhaniyi ndi yanunso. Madzi a pansi sadziwa chipilala cha malire, saonetsa chiphaso ku Nayuchi. Injini ya mbali ino itha kuphwetsa dimba la ku Machinga, ya ku Machinga itha kuphwetsa la kuno. Maiko a SADC anasainirana pangano la madzi ogawana ku Windhoek mu Ogasiti 2000, limene linati dziko lofuna kuchita ntchito yotha kupweteka mnzake pa madzi otere liyambe lamudziwitsa, ndipo pangano limenelo linawerengera madzi a pamwamba ndi a pansi olumikizana ngati chinthu chimodzi. Koma zimenezo ndi za m'malikulu a maiko. Ife tikudziwa m'mene zinayendera pa nsomba. Mu 1995 asodzi a mbali ya Malawi anagwirizana okha n'kuletsa ukonde wa nkacha umene unkakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Linali ganizo lanzeru, koma nyanja ndi imodzi pamene lamulo linali la mbali imodzi, ndipo mikangano ndi asodzi a mbali yathu inatenga zaka. Pa madzi a pansi tisadikire kukangana. Mafumu a mbali ziwirizi amakumana kale pa maliro ndi pa zinkhoswe. Msonkhano wa mapaipi ukaitanidwa mbali imodzi, uthenga uwoloke.

Tsono nayi ntchito imene ndikukupemphani, ndipo siifuna ndalama kapena chilolezo cha munthu. Pezani chingwe cha nayiloni chosatamuka, mumange mfundo pa mita iliyonse. Telala kapena mmisiri wa matabwa akubwerekani tepi. Kunsonga kwake mangani kamwala. Pa mlomo wa chitsime lembani chizindikiro ndi penti kapena khomani msomali, kuti nthawi zonse muziyezera pa malo amodzi. Tsiku loyamba la mwezi uliwonse, m'mamawa anthu asanayambe kutunga, tsitsani chingwe mpaka kamwala kakhudze madzi, muwerenge mfundo. Lembani m'kope tsiku, mamita, ndi kakomedwe ka madziwo, ngati ali bwino kapena ayamba mchere. Achite ndi akuluakulu, ana asasendere pa chitsime. Mjigo musautsegule ayi, mungaononge. Pamenepo ingowerengani kuti mwapopa kangati madzi asanayambe kutuluka m'mamawa, ndi kangati kuti chigubu cha malita 20 chidzaze. A madimba lembani tsiku limene chitsime cha ku dimba chaphwa chaka chilichonse, ndi tsiku limene chabwerera.

Kopelo lisungidwe ndi komiti ya madzi, ndipo pa muyeso uliwonse asaine anthu awiri, mayi ndi bambo. Mphunzitsi wa pa sukulu yapafupi angathandize kukonza mizere. Kamodzi pa chaka, mvula isanagwe, kopererani pa pepala lina mupite nalo ku posto kapena ku ofesi ya SDPI ku Insaca akadindepo chidindo, lina mutsale nalo. Chaka chimodzi sichinena zambiri. Zaka zisanu, zokhala ndi chaka cha chigumula ngati cha Freddy mu 2023 ndi chaka cha ng'amba, zimasonyeza m'mene chitsime chanu chimapumira pachokha popanda injini. Katswiri woona mtima adzalilandira kopelo ndi manja awiri, pakuti miyeso yotere ya m'midzi njosowa, ndipo imuthandiza kuika zitsime zake pa malo osapweteka anthu. Winayo, wofuna kudzanena kuti ndi chilala, adzayamba waganiza kawiri. Ngakhale mapaipi atapanda kubwera m'masiku athu, kopelo lidzakuuzani chaka choti muzamitse chitsime chisanakuthaweni.

Ine ndayamba ndi chitsime cha malemu malume. M'mawa mwake titaika maliro, anthu asanabalalike, ndinatsitsa chingwe: mamita 4 ndi theka, madzi okoma. Mboni yoyamba anali mlongo wanga. Yachiwiri ndinapempha agogo aja a imvi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anadinda chala chawo m'kope, n'kunena kuti akuchita zimenezi kuti pakatha zaka khumi adzandionetse kuti madzi ali pomwe paja. Tagwirizana kuti pa 1 mwezi wamawa adzagwira chingwe ndi iwowo.